Chithunzi Chimene Chinagona ku Makululu

M'nyumba ya a Zephaniah Sakala ku komboni ya Railways munali tebulo limodzi limene ngakhale abusa sankaloledwa kuikapo kapu ya tiyi. Pamenepo pankakhala kompyuta ya malemu akazi awo, mayi Maggie, amene moyo wawo wonse anali otayipa m'maofesi a njanji. Ndi iwo amene anaikonza momwe inalili. Kachizindikiro ka nyimbo anakaika pamwamba kudzanja lamanja kuti amuna awo asamasochere, ndipo munthu akakadina, mawu a mayiwo ankatuluka akutsogolera amayi a Chigwirizano. Chimwalirireni mayi Maggie, a Sakala akaweruka kumunda wawo wa kuseri ankasamba, n'kuvala malaya oyera ngati akupita kukafunsira, n'kukhala pamenepo kumvetsera mkazi wawo akuimba.

Monalisa, mwana wawo mmodzi yekhayo, ankaiopa kompyutayo kuposa momwe ankawaopera bambo ake. Masiku amenewo inali itayamba kugogoda mkati, kho kho kho, ngati muli munthu wofuna kutuluka. Iye ankadziwa kuti tsiku limene idzazime osadzukanso, bambo ake adzaika maliro kachiwiri.

Vuto linali lakuti munthu wodziwa makompyuta amene Monalisa ankamukhulupirira anali yemweyo amene a Sakala sankafuna kumva dzina lake. Anali Kasuba, chibwenzi chake, Mbemba wa ku komboni ya Makululu amene sankadziwika bwino kuti amapemphera kuti. A Sakala maso awo anali pa Jabez, mwana wa mkulu wa mpingo mnzawo, wogwira ntchito ku Lusaka, amene Lamlungu lililonse ankafika ndi galimoto ndi fungo la mafuta onunkhira lotsogola kulowa pageti.

*

Monalisa ndi Kasuba anakumana m'tauni, pansi pa mtengo pafupi ndi pokwerera minibasi. Monalisa sanapereke n'komwe moni. Anangoika foni kukhutu kwa Kasuba kuti amve kugogoda kuja, chifukwa anali atakujambula.

Kasuba anamvetsera, kumwetulira kwake n'kuzilala.

"Iyi disiki yayamba kulaila, Mona. Ingafe mailo, ingafe chaka cha mawa, koma ili pa ulendo."

"Manje nichite bwanji? Nikope nyimbo pa fulashi?"

"Nyimbo ungakope. Koma ba tata bako bazazipeza kuti? Si iwe unaniuza ati kachinthu kakasuntha pang'ono chabe, nyumba yonse siigona?"

Zinali zoona. Tsiku lina Monalisa popukuta fumbi anakankha kachizindikiro kaja mosadziwa, ndipo a Sakala anakana chakudya mpaka katabwerera pamalo pake. Kwa iwo kompyutayo inali chipinda chimene mkazi wawo anayala ndi manja ake.

"Mapulogalamu yosungila vinthu ni yambili," Kasuba anatero. "Yena yasunga chabe mafailo, monga munthu wapulumutsa vovala nyumba ikupsa. Yena yatenga nyumba yonse, na mipando pamalo pake. Ija bamaiitana imeji. Ndiye yamene ifunika apa."

"So tisankhe iti?"

"Osayang'ana yamene isunga bwino, yonse yasunga. Yang'ana yamene izakubwezela vinthu pa tsiku yamene manja yako yazankhala yanjenjema, ndipo ine nili kutali."

"Uyenda kuti iwe?"

"Kulibe. Koma kuli banyamata bamene basankha vovuta kuti mukazi aziwaitana. Ine nifuna uziniitana chifukwa waniyewa, mutima wako wanisoba."

Monalisa anamumenya ndi chikwama paphewa, koma m'minibasi monse ankangomwetulira yekha mpaka mayi wa pambali pake anamufunsa ngati walandira uthenga wabwino.

*

Loweruka lotsatira a Sakala anapita kumsonkhano wa akulu a mpingo, ndipo misonkhano imeneyo siidziwika ndi kufulumira. Kasuba analowa ndi kachikwama kake, n'kuvula nsapato pakhomo. Monalisa atamukokera mpando wa bambo ake, anapukusa mutu n'kugwada pansi pambali pa tebulo.

"Uyu mupando uli na mwine wake," anatero.

Anamuonetsa mapulogalamu awiri. Yoyamba inali yodzaza ndi Chingerezi, mafunso pamwamba pa mafunso, moti Monalisa asanafike pakati anali ataiwala chimene anafunsidwa poyamba. Yachiwiri inali yosaoneka bwino, ngati yopangidwa ndi munthu wosakonda mitundu, koma inali ndi mabatani awiri aakulu: lina losunga, lina lobwezeretsa.

"Iyi yoipa nkhope," Monalisa anatero.

"Wasankha monga mwamene unasankhila ine."

"Iwe ndiwe wovuta kubwezela."

Analumikiza kabokosi kakuda kosungiramo zinthu, n'kudina batani loyamba. Kamzere kobiriwira kanayamba kukwawa pagalasi mwaulesi. Podikira anadya chinangwa chootcha ndi mtedza chimene Kasuba anagula panjira, akulankhula zopanda mutu, mapewa atagundana. Monalisa anazindikira kuti chimwalirireni mayi ake aka kanali koyamba kuseka m'chipinda chimenecho, ndipo sanadzimve wolakwa.

Zitatha, Kasuba sanalole kuti zithere pomwepo. Anatulutsa disiki ina yopanda kanthu, n'kuiika m'kompyuta mongoyembekezera, n'kupatsa Monalisa kafulashi kofiira.

"Yelekeza kuti yafa. Ine kulibe. Chita."

Anapinda manja kumbuyo, osalozera ngakhale ndi chibwano. Monalisa analowetsa kafulashi, anayatsa, analoza kabokosi, anadina batani lachiwiri. Patapita nthawi galasi linawala, ndipo zonse zinalipo: chithunzi cha mayi ake atavala yunifolomu ya Chigwirizano, ndi kachizindikiro kaja pamwamba kumanja.

"Kafulashi kasunge iwe," Kasuba anatero akubwezera disiki yakale m'malo mwake. "Kabokosi nikasunge ine. Kakagona pamodzi na kompyuta, kawalala akabwela kuba olo malaiti yakaocha, vizapita vonse viwili."

Monalisa anavomera. Panalibe chimene chinkaoneka cholakwika pamenepo.

*

Tisamunamizire Jabez, sanali munthu woipa. Anayamba kumukonda Monalisa kuyambira ku Sande sukulu, ndipo palibe chopweteka ngati kukondedwa ndi bambo wa mtsikana m'malo mwa mtsikanayo. Lamlungu limenelo anafika atakonzeka, chifukwa nayenso anali atamva kugogoda kuja.

"Adadi," anatero ali patebulo lodyera, "ndapeza pulogalamu yabwino kwambiri ya kompyuta ija. Zonse zizipita zokha ku cloud, kumitambo. Ngakhale nyumba itapsa, sizitayika."

Monalisa akanangokhala chete. Koma mtima wonyadira chibwenzi suugwira pakamwa.

"Vinachitika kale ivo. Kasuba anatenga imeji."

A Sakala anaika sipuni pansi pang'onopang'ono.

"Kasuba analowa m'nyumba muno?"

"Anabwera kudzathandiza, atate."

"Nanga imeji ndiye chiyani?"

Monalisa anatsegula pakamwa kuti afotokoze za nyumba ndi mipando yake, koma Jabez anamutsogolera. Anapukuta milomo, n'kulankhula mofatsa ngati womasulira ulaliki.

"Imeji, adadi, pa Chinyanja ndi chithunzi."

"Chithunzi cha yani?"

"Cha zonse zili mmenemo. Zithunzi za Monalisa kuyambira ali mwana, za malemu amayi, mawu awo. Zonse zili m'chipinda chake ku Makululu."

Choipa cha mawu amenewo n'chakuti munalibe bodza. Monalisa anayesa kunena kuti si chithunzi chopachika pakhoma, kuti palibe amene amachiyang'ana, koma akamafotokoza m'pamene zinkaipiraipira. A Sakala anakulira ku Katete, kumene chithunzi cha munthu sichiperekedwa kwa mlendo wamba. Ukulu wa mpingo unali usanawaiwalitse zimene anthu ena amachita ndi zithunzi za anzawo. Ndipo ngakhale tisiye zimenezo, maganizo akuti nkhope ya mkazi wawo ikugona m'chipinda cha mbeta yachimuna yosadziwika kwawo anawalasa pamtima.

"Mayi ako sanagonepo kunja kwa nyumba yanga ali moyo," anatero. "Lero wawagoneka ku Makululu? Umuuze abwere nacho mawa."

*

Kasuba anafika atavala malaya ositidwa, n'kunjuta pakhomo mpaka atauzidwa kulowa. Jabez analiponso, ataitanidwa kuti akhale mboni, popeza a Sakala sankadziwa kusiyanitsa chofufutidwa ndi chobisidwa. Monalisa anaima pakhomo la kukhitchini, manja ali m'chitenje.

"Mukwai," Kasuba anayamba ndi ulemu wa Chibemba, "ninalakwa kuti sininapemphe kwa imwe. Koma disiki ija ili pafupi kufa. Ngati mwalola, kabokosi kankhale muno mu nyumba, chabe tisafufute."

"Sindinakuitanire ulaliki. Chimene chagona kunja chagona kunja. Fufuta."

Kasuba anayang'ana Monalisa kamodzi, kenako anatsegula laputopu yake n'kulumikiza kabokosi. Sizinatenge nthawi. Chimene chinatenga masana onse kusunga chinatha munthu asanamalize kumeza malovu. Jabez anawerama, anayang'ana, n'kugwedeza mutu.

"Mulibe kanthu, adadi. Tsopano ndingaike ija ya kumitambo."

"Iyayi," a Sakala anatero. "Za m'nyumba muno sizipita ku Makululu, sizipitanso kumitambo. Kumitambo mayi Maggie anapita kale, sipakufunika kuwatumizako kawiri."

Jabez anakhala pansi nkhope itagwa. Msampha wake unali utamugwira chala. A Sakala anatenga kabokosiko n'kukatsekera m'kabati.

A Sakala anatembenukira kwa Kasuba. "Palibe china chimene wasunga?"

"Kulibe, mukwai."

"Ndiyang'ane. Ndikufunsa ngati bambo. Palibe china?"

Kasuba anawayang'ana m'maso. "Kulibe."

Kasuba atachoka, Monalisa anadzitsekera kuchipinda n'kumulembera uthenga zala zikuphonya zilembo. Unangofufuta chabe monga ni vinyalala? Sunakane olo pang'ono? Yankho linabwera mochedwa: Ni nyumba yao, Mona. Ni mukazi wao. Monalisa anaponya foni pabedi. Ankafuna mwamuna womenyera nkhondo, ndipo anaona ngati wapeza wogonja. Kwa masiku angapo sanayankhe mafoni ake.

*

Koma mtima wa nkhalamba uli ndi njira zake. Chimene chinakwiyitsa Monalisa n'chimene chinayamba kuwafewetsa a Sakala. Anayamba ndi kufunsa mafunso a m'mbali, ngati sakufuna yankho. Kodi mnyamata uja bambo ake alipo? Kodi amamwa? Tsiku lina Monalisa akuwathirira tiyi, analankhula akuyang'ana pawindo.

"Ndakhala ndi anthu ambiri ku njanji. Munthu ukamulanda chinthu chimene wavutikira m'pamene umamudziwa. Uja sanakweze mawu. Ndinamufunsa, anandiyankha mawu amodzi, osazungulira." Anapuma kaye. "Kwawo sindikudziwa, mpingo wake sindikuudziwa. Koma munthu wosanama ndingathe kukhala naye pansi. Ngati ali ndi amalume ake, abwere ndiwaone. Loweruka la kumapeto kwa mwezi."

Tiyi anasefukira m'sosala. Monalisa anagwada, ndipo a Sakala anamuuza kuti adzuke apukute tebulo.

Monalisa anamuimbira Kasuba ali kuseri kwa nyumba, pakati pa mizere ya repu, mkwiyo wonse utauluka.

"Bakuti bamalume bako babwele."

Monalisa anayang'ana foni kuti aone ngati yaduka.

"Kasuba? Wamvela?"

"Namvela. Bakamba kuti chifukwa chani?"

"Ati ndiwe munthu wosanama."

Kasuba anaseka, koma kuseka kwake kunali kwakufupi. Monalisa anaganiza kuti ndi mantha a chikwati amene amagwira amuna onse. Anayamba kumuuza za mbale zovundikira zimene a kwawo ayenera kubwera nazo, ndi kuti amalume ake asadzafike atanunkha mowa, ndipo sanamve kuti mnzakeyo akungoyankha kuti ee, ee.

*

Kompyuta inafa Lachiwiri masana, Loweruka lija lili pafupi. Magetsi anali atathima kuyambira m'mawa, ndipo atabwera, a Sakala anavala malaya awo oyera n'kudina batani. Inagogoda kangapo, kenako inasiya. Galasi linangoti bii, ndi timawu toyera pakona.

Anazimitsa n'kuyatsanso. Anasintha soketi. Anaipukuta ndi mpango wawo wa m'thumba. Monalisa pobwera anawapeza atangokhala pampando, manja pamaondo.

"Itana mnyamata uja," anatero osatembenuka.

Kasuba anabwera msanga. Anatsegula, anamvetsera, anayesa disiki ija pa laputopu yake, n'kupukusa mutu. Anaika ina yatsopano kuti makinawo azingoyaka. Inayakadi, koma inali ngati nyumba ya lendi imene eni ake asamuka: makoma okhaokha. A Sakala anayendetsa kamuvi kupita pamwamba kumanja, n'kudina pamalo opanda kanthu. Anadinanso.

"Zikomo, mwana wanga," anatero kwa Kasuba, ndipo aka kanali koyamba kumutchula chotero. "Unandiuza. Ine ndi amene sindinamve."

Kasuba anaweramitsa mutu. Potuluka anapunthwa pakhomo ngati woledzera.

Tsiku limenelo a Sakala sanadye. M'mawa mwake sanapite kumunda. Monalisa ankawamva kuchipinda akuyesa kung'ung'udza nyimbo ija, koma pamene mawu a mayi ake ankakwera iwo ankasochera, n'kuyambiranso. Atawapititsira phala, anawapeza atagona chagada, maso ali kudenga.

"Ndikuyesa kukumbuka mmene ankayambira," anatero. "Zikundithawa, Mona. Matenda anamutenga koyamba. Kachiwiri ndamupha ndine, ndi pakamwa pangapa."

Monalisa anatuluka n'kukalirira kubafa, mpopi atautsegula. Foni inalira m'thumba. Anali Kasuba: Bwela ku nyumba. Nifuna tikambe.

*

Ku Makululu minibasi imakusiya kumsewu, kotsalako ndi miyendo. Monalisa anadutsa amayi ogulitsa tomato ndi anyamata okankha mawilibala a zitsulo zakale, osaona aliyense. Anamupeza Kasuba atakhala pakhonde, chinthu chokulungidwa m'thaulo chili pamiyendo.

Sanamupatse mpando. Anangofunyulula thaulo. Munali kabokosi kena, kotuwa.

Monalisa anakayang'ana nthawi yaitali. "Ni chani ichi?"

"Ni bamayo bako."

Monalisa anakhala pansi pa simenti.

"Pamene unanitumila kuti nibwele nako, ninakopa kaye," Kasuba anatero. "Ninamvela mwamene inali kugogodela. Sininakwanise, Mona. Ninaziba kuti bazanifunsa, ndipo ninaziba vamene nizayankha."

"Unabanama."

"Ninabanama."

"Na ine unaninama. Ninakukalipila, unankhala chabe zii."

"Sininafune kuti bodza inkhale ya tonse."

Monalisa sanadziwe ngati amukumbatire kapena amumenye. Chimwemwe chinabwera choyamba, chotentha, chifukwa mayi ake anali pamenepo m'thaulo. Kenako mantha anafika n'kukhala pamwamba pa chimwemwecho. Bambo ake anatsegula chitseko pa chifukwa chimodzi chokha, ndipo chifukwacho chinali bodza.

"Tingayembekeze," anatero mofulumira. "Bamalume babwele pa Saturday, vinthu vipite. Pambuyo tizakamba ati tapeza kwinangu."

"Badya lelo?"

Monalisa anayang'ana kumbali.

"Mona, badya?"

"Awe."

"So tizabasiya na njala mpaka Saturday kuti ise tikwatilane?" Kasuba anakulunganso kabokosi n'kukaika m'manja mwake. "Nizapita nawe. Nizakamba neka."

"Awe. Bakakuona na aka, sibazamvela olo nyimbo. Nipita neka."

"Ukumbuka mochitila?"

"Kafulashi, kuyasha, kuloza, batani yachiwili." Anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. "Unasankha yosavuta. Sembe unasankha yovuta, sembe nakana."

Kasuba anamuperekeza mpaka kumsewu. Sanagwirane manja. Minibasi itanyamuka, Monalisa anamuona pagalasi ataima pomwepo, manja m'matumba, akucheperachepera m'fumbi.

*

Panjira yonse ankakonza bodza lake. Akanatha kunena kuti anakopa yekha mayi ake asanamwalire, kapena kuti anakapeza m'sutikesi yakale. Bambo ake sadziwa za makompyuta, akanakhulupirira. Pofika pageti bodzalo linali litapsa bwino, lokonzeka kuperekedwa.

M'nyumba munali chete. Chitseko cha kuchipinda kwa a Sakala chinali chotseka, phala lija lili pampando momwe analisiyira. Monalisa anagwada pambali pa tebulo, pamalo pomwe Kasuba anagwada, n'kutulutsa kafulashi kofiira m'kachikwama ka ndolo. Manja ankanjenjemeradi. Analowetsa, anayatsa, analoza kabokosi, anadina batani lachiwiri.

Kamzere kanayamba kukwawa. Kunja ana a sukulu ankadutsa akukangana za mpira, ndipo kutali sitima inalira kumashedi a njanji. Monalisa ankangopemphera kuti magetsi asathime.

Galasi linazima, n'kuyakanso. Mayi ake anamuyang'ana atavala yunifolomu yawo. Anapititsa kamuvi pamwamba kumanja, anakweza mawu mpaka kumapeto, n'kudina.

Nyimbo isanafike pamzere wachiwiri, chitseko chinatseguka. A Sakala anatuluka opanda nsapato, opanda magalasi, atavala vesiti yokha, munthu amene sankafika patebulolo osavala malaya. Anayenda akugwira khoma. Atafika anakhala pampando wawo, n'kuika dzanja pamwamba pa kompyuta ngati akugwira phewa la munthu. Misozi inkangotsika n'kulowa m'ndevu zosameta, iwo osaipukuta. Pamene mawu anakwera, milomo yawo inakwera nawo, osasochera.

Nyimbo inatha. Kenako maso awo anatsika n'kuona kabokosi kotuwa ndi chingwe chake.

"Aka si kaja ndinatsekera m'kabati."

"Si kameneko, atate."

"Kachokera kuti?"

Bodza lija linali pamlomo. Monalisa anayang'ana nkhope ya bambo ake, yonyowa, yotseguka ngati ya mwana, ndipo anaona kuti sangathe kuikapo bodza lachiwiri.

"Kwa Kasuba."

"Anakopa liti?"

"Asanabwere tsiku lija."

A Sakala anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Sanakalipe. Monalisa akanakonda akanakalipa.

"Umuthokoze," anatero. "Umuuze kuti wandichitira chimene ine ndinalephera kudzichitira. Sindidzaiwala mpaka kumanda."

"Atate, anachita chifukwa ankadziwa kuti..."

"Ndikudziwa chifukwa chake. Anaganiza bwino kuposa ine." Anapukuta nkhope ndi chikhatho. "Koma anandiyang'ana m'maso, Mona, diso lake osaphethira. Mawa ukadzabwera kuno ukulira, iye n'kudzandiuza kuti palibe chimene chachitika, ndidzadziwa bwanji? Munthu amene amanama akaona kuti akudziwa bwino kuposa iwe, amadzanamanso tsiku lina akadzaona choncho."

"Akanapanda kunama, amayi bwenzi kulibe."

"N'zoona. Ndiye chikundipweteka n'chimenecho." Anatembenukira kugalasi. "Uwauze amalume ake kuti Loweruka asavutike kubwera."

Anagwira mbewa ya kompyuta, n'kudinanso. Mayi Maggie anayambiranso kuimba, mawu awo akudzaza nyumba yonse mpaka kukhitchini.

Monalisa anatuluka n'kukakhala pasitepe ya khonde. Foni inanjenjemera m'manja mwake. Uthenga wa Kasuba unali wa liwu limodzi: Yabwela?

Yabwela, analemba. Bazadya manje manje.

Anayamba kulemba mzere wachiwiri, wa Loweruka, koma zala zinakana. Anafufuta, anayambanso, anafufutanso. Ali mkati moyesa, yankho la Kasuba linafika: Lesa mukulu, Mulungu ni mukulu. Bamalume bafika kuchoka ku Kapiri, bagula na mbale. Bafunsa ati tifike nthawi bwanji.